Nsalu Zoyera za Malume Burhan

Kwathu ku Padang Panjang dzuwa ndi mlendo. Mvula imagwa ngati tinailakwira, ndipo chilichonse chimene wachisunga m'bokosi chimachita chuku. Ndiye dzuwa likangoti latuluka, azimayi amathamangira kukayanika mapilo ndi matiresi. A Burhan ankayanika nsalu zoyera. Ankazitulutsa m'bokosi lachitsulo imodziimodzi, n'kuzikoleka pazingwe kuseri kwa nyumba yawo mpaka bwalo lonse kuyera kuti mbee. Alendo odutsa ankatsitsa mawu poganiza kuti pakhomopo pagwa zovuta. Ife tinazolowera, komabe ndisaname, mpaka lero ndikaona nsalu yoyera ikuuluzika pachingwe thupi langa limachita tsemwe.

Nsaluzo zinali zathu. Munthu wofuna kuphunzira silek, luso lathu lodzitetezera, sapita kwa mphunzitsi chimanjamanja. Amatenga mpeni, tsabola, mchere, shuga ndi nsalu yoyera yokwanira kukulunga munthu wamkulu. Akuluakulu amati nsaluyo ikuimira mtima woyera. Tanthauzo linalo aliyense amalidziwa koma salitchula: ukafa uli m'manja mwa mphunzitsi, nsanda yako ili kale pomwepo. Aphunzitsi ambiri masiku ano amangoilandira mwamwambo, mawa lake akazi awo asokera kale mapilo. A Burhan ankalemba dzina la mwini wake pakona ndi pensulo, n'kuisunga.

Ntchito yawo yodyera inali yokonza maambulera pakhonde la msika, ndipo m'tauni ngati yathuyi ntchito imeneyo siitha. Anali munthu wamfupi, wochepa thupi, mano awiri akutsogolo kulibe. Ine Desmawati ndimagulitsa tsabola wopera pafupi pomwepo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawadutsa ngati chitsa. Amene anandikokera kubwalo kwawo ndi mnzanga Elvi wogulitsa kokonati, nditakwanitsa kale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ophunzira tonse tinkawatchula kuti Malume, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe wobadwa kwa mlongo wawo.

Tinkakumana likatha pemphero lamadzulo, dzuwa lisanalowe. Ndinapita ndi mtima wofuna kumenya, koma miyezi itatu yoyamba sanandiphunzitse ngakhale kukunga chibakera. Kunali kuthamanga basi. Kuthamanga utanyamula chikwama, kuchitaya osacheuka, kugwa n'kudzuka, kukuwa mpaka agalu a mudzi wina ayankhe.

"Malume, kodi nsalu ija ndinabweretsa kuti ndidzalowe mpikisano wa liwiro?" ndinawafunsa tsiku lina ndili wefuwefu.

"Iwe Desi, mmene ukuthamangiramu ngakhale bakha akhoza kukupeza," anatero. "Yamba wamuposa bakha. Za anthu tidzakambirana."

M'tauni muno aphunzitsi a silek analipo ambiri, ena a mayunifolomu akuda ndi zikho pashelefu. Koma bwalo lodzaza linali la wokonza maambulera. Aphunzitsi enawo akafuna kuonetsa luso amapotokola dzanja la wophunzira mpaka misozi. Malume ankapereka dzanja lawo. Ukawagwira bwino ankadziponya pansi n'kumagubuduka m'matope, uku akukuwa kuti, "Mayo ine! Andipha amayi atsabola!" Ankadziwa amene bondo likumuvuta asananene, ndiponso amene wabwera osadya. Wamanyazi sankamuika kutsogolo. Wolakwitsa sankamuseka, ankalakwitsanso iwo dala kuti tiseke iwowo. Chimene sankachita ndi kuyamikira. Ungachite bwino chotani, mawu awo otsanzika anali omwewo: "Lero wabwerera kwanu ndi miyendo yako. Mawa ubwerenso."

Panali chinthu chimodzi chimene sitinkafunsa. Pamzere wakutsogolo, kumanzere, pafupi ndi mtengo wa mango, pankakhala malo a munthu mmodzi opanda munthu. Posesa bwalo, Malume ankayambira pamenepo. Wophunzira watsopano akaima pamalopo ankamugwira paphewa mofatsa n'kumusuntha. "Pamenepo pali mnzako," ankatero, ngati akunena za munthu amene wangopita kukamwa madzi. Ndipo wina akachita bwino kwambiri, mwendo ndi dzanja zikagwirizana mpaka ife kuwomba m'manja, nkhope yawo inkagwa. Ankayang'ana kumtengo kuja, n'kutiuza kuti lero zatha, tizipita. Ine ndinkaopa kucheukira kumtengoko.

M'chaka changa chachinayi ndinakumana nazo. Linali Lachinayi masana, ndikuchokera kokagula tsabola wouma, pamsewu wodutsa pansi pa mlatho wa njanji. Mnyamata wina anatsika panjinga yamoto imene mnzake ankayendetsa, n'kugwira lamba wa chikwama changa, dzanja linalo lili ndi mpeni. Sindinaganize chilichonse. Thupi linachita lokha: ndinapatuka, ndinagwira dzanja la mpenilo, ndinalipinda mmene anandiphunzitsira, ndipo ndinamva thyoo ngati nkhuni youma. Mpeni unandicheka pang'ono pamkono. Mnyamatayo anathawa akulira, mnzake wapanjinga atamusiya kale.

Msika wonse unandinyamula m'mwamba. Ogulitsa nsomba anandipatsa dzina loti Kambuku, wina anandigulira mpunga ndi nyama, ndipo nkhani pofika kumapeto kwa msika anyamata aja anali atakwana asanu. Madzulo ndinalowa pabwalo ndikuyenda ngati mwini tauni, bandeji ili poonekera. Anzanga anaimba nthungululu. Pajatu mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Malume sanaseke. Anayang'ana bandejiyo nthawi yaitali.

"Kumbuyo kwako kunali chiyani?" anafunsa.

"Msewu, Malume."

"Wotseka?"

"Ayi, wotsegula."

"M'chikwamamo munali mwana?"

"Munali foni ndi makiyi."

Analowa m'nyumba. Tonse tinamva chivindikiro cha bokosi lachitsulo chikulira. Anatuluka atanyamula nsalu yanga yopinda bwino, n'kundiikira m'manja.

"Tenga. Iyi sindingathe kuisunga."

Kubwezeredwa nsalu ndiko kuchotsedwa. Ndinachoka nsalu ili kukhwapa, misozi yaukali ikutsika, ndipo Elvi atanditsatira ndinamukalipira ngati ndiye wandilakwira.

M'mawa mwake ndinapita pakhonde la maambulera ndili ndi mawu okonza kale. Ndinawapeza akulowetsa waya m'nthiti za ambulera ya mwana wasukulu.

"Ndiye ndinalakwa chiyani? Si inu munandiphunzitsa kupinda dzanja? Mumafuna andibaye?"

"Khala pansi, anthu angaganize kuti ndakuthyolera ambulera," anatero osadzutsa mutu.

Ndinakhala pachitini. Anandiuza za Yusrizal, mwana wa mlongo wawo Nurbaiti, mmodzi yekhayo. Kwathu kuno mwana wamwamuna amaleredwa ndi malume ake, ndiye Nurbaiti anamubweretsa yekha pabwalo, nsalu atagula yekha. Mnyamatayo ankaima kumanzere, pafupi ndi mtengo wa mango.

"Sindinaonepo thupi lomvera ngati limene lija," anatero. "Ndinkamuphunzitsa kamodzi, kachiwiri akundiposa. Ndiye tsiku lina, anzake onse akumva, ndinamuuza kuti m'tauni muno palibe amene angamukhudze. Ndinanena ndi pakamwa panga pano, mano ali onse."

Yusrizal anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi pamene anakangana ndi oitanira basi pa depoti, masanasana, chifukwa cha malo oimikapo katundu. Iwo anali atatu. Kumbuyo kwake kunali chipata chotsegula, ndipo anthu ankamukuwira kuti athawe. Iye anavula nsapato n'kuima mmene malume ake anamuphunzitsira. Awiri anawagwetsa. Wachitatu anali ndi mpeni.

"Ndinatsegula bokosi, ndinatenga nsalu yake, ndinayenda nayo mpaka kwa mlongo wanga," anatero Malume. "Iye anaiyang'ana n'kunena kuti, 'Achimwene, ndinakupatsani mwana ndi nsalu, mwandibwezera nsalu yokha.' Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandilankhula. Chaka chino ndi cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Tikakumana mumsika amayang'ana nsomba."

Anatsegula ambulera ija, anaizunguza, n'kuitsekanso.

"Pakhomo pake pomwepo ndinalumbira kuti m'bokosi lija simudzatulukanso nsalu yopita kumanda ine ndisanapiteko. Ndikamaziyanika ndimakhala ndikuwerenga anthu, Desi. Dzulo utalowa ndi bandeji ija, ndinaona Yusrizal akuyenda kumbuyo kwako, akumwetulira mmene iwe unkamwetulira."

Ukali wonse unandithera. Ndinachita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha ndi mpeni wadzulo lake. Ndinawapempha kuti alandirenso nsaluyo. Anakana.

"Kuphunzira bwera uziphunzira. Koma nsaluyo izigona kwako, poti uziiona tsiku lililonse."

Ndinaiika pashelefu pamwamba pa zovala zanga. M'mawa uliwonse ndikamatenga mpango, inkandiyang'ana. Patapita zaka ziwiri wina anandikokanso chikwama pafupi ndi mzikiti waukulu. Ndinachisiya n'kuliyatsa liwiro, ndikukuwa ngati nyumba yapsa, nsapato imodzi n'kutsala pamsewu. Kumsika anandiseka mwezi wathunthu, dzina la Kambuku linafera pomwepo. Malume atamva anaseka mpaka kutsokomola, n'kundigulira tiyi wamazira.

"Bakha uja wamuposa tsopano," anatero.

"Ndiye ndibweretse nsalu ija?"

"Ayi. Ikugwira ntchito bwino komweko."

Chifuwa chimene chinayamba ngati nthabwala chija sichinawasiye. Zaka zinayi zotsatira anaonda mpaka kuphunzitsa atakhala pampando, kenako anasiya kutuluka m'nyumba. Tsiku lina dzuwa litawala ananditumizira uthenga kuti nditseke benchi ndibwere. Ndinawapeza atatsamira pawindo.

"Nsalu zija ziyanike, zingachite chuku. Uziwerenga mayina mokweza, makutu anga atha."

Ndinayamba kukoleka. Nsalu zina zinali zitasanduka zachikasu, pensulo itafufutika. Dzina lililonse ndikatchula, funso linali limodzi.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, Malume, akuyendetsa lole ku Dumai."

"Nanga ameneyo?"

"Ali moyo, ana anayi."

"Uyo?"

"Ameneyu anatisiya chaka chatha. Matenda a shuga."

"Shuga si mlandu wanga. Pitiriza."

Nditamaliza, bwalo lonse linali mbee, mphepo ikuzigwedeza, kupatula pafupi ndi mtengo wa mango pomwe chingwe sichinkafika. Malume anayang'ana pamenepo nthawi yaitali, kenako anagona chagada n'kutseka maso ngati munthu amene watula katundu.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa. Analibe mkazi kapena mwana, ndiye ophunzira ndife tinadzaza nyumba. Amuna atayamba kutenthetsa madzi osambitsira thupi, wina anafunsa za nsanda, ndipo maso onse anapita pabokosi lachitsulo. Palibe amene analimba mtima kulitsegula. Tili chiimire choncho, pakhomo panalowa mayi wokalamba, wamfupi, nkhope ngati ya malemuwo. Sindinafunse kuti ndani.

"Bokosilo musalikhudze," anatero a Nurbaiti. "Ndinamva ndi makutu anga zimene analumbira." Anayang'ana aliyense wa ife, mmodzimmodzi, ngati akufuna nkhope ina. "Chichokereni mwana wanga, munatulukapo nsalu ina mmenemo?"

"Imodzi yokha, mayi," ndinayankha. "Yanga."

"Ili kuti?"

Ndinathamanga kunyumba mmene anandiphunzitsira. Nditabwera nayo, a Nurbaiti anaitambasula pamphasa, anapeza pakona, n'kuwerenga dzina la pensulo akulondola ndi chala.

"Desmawati ndiwe?"

"Ndine, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwira chipsera cha pamkono panga ndi zala zozizira. Kenako anatembenukira kuchipinda kumene kunagona mchimwene wawo, n'kulankhula naye koyamba patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Achimwene, uyu ndiye mwabweza mwana. Nsaluyo tengani."

Anaing'amba ndi manja awo molingana ndi msinkhu wa malemuwo, n'kuipereka kwa amuna. Nsalu zina ziwiri zokutira kunja tinakagula kusitolo, koma yokhudza thupi inali yanga.

Pochokera kumanda mvula inayamba, monga mwa masiku onse. A Nurbaiti analibe chofunda, ndiye ndinatsegula ambulera yanga, ya nthiti ziwiri zomangidwa ndi waya wa Malume, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo pawo. Kenako ndinabwerera kwathu ndi miyendo yanga.