Mpando Umene Ndakana Kunyamukapo

Muli bwanji nonse. Lelo tinalipo ine, amai anu, Dalitso na mkazi wake, mu shopu yaikulu ija ya ku Woodlands.

Pa kantemba, kashopu kang'ono ka ba Mulenga ku Kabwata, ndimangokhala pa benchi n'kuitana, katundu amabwela yekha. Ndiye ndaona mpando wabwino pafupi na mapoto, ndakhalapo. Ndakuwa, "Shuga! Sopo! Kapenta!" Palibe wabwela. Anthu angondijambula pa foni.

Mlonda akuti, "Ba shikulu, nyamukani, mpando uwu ni wogulitsa." Ine? Kunyamutsidwa pamaso pa mpongozi wanga? Ndakana, mpaka Dalitso waugula ndikali pomwepo.

Nanga ndalakwa chani, imwe?

Mu galimoto Dalitso akuti, "Atate, mawa tikaupeleke kwa ba Mulenga, muzikakuwila kumeneko."