Kamwala ka Aneba Kakudikira Dzuwa

Aneba athu a m'malayini a pa esiteti safunanso kuthyola tiyi, ati msana wa munthu wolemera subereka dengu. Amangoyenda ndi kamwala koyera ngati mkaka kamene mlamu wawo anatola ku Mozambiki, n'kumakanyambita kuti kawale. Ukawapatsa moni, abale inu, yankho lake ndi lakuti, "Opalo uyu, mwanawe, mwala wa ndalama!"

Akazi awo zawakwana, chifukwa kapitawo wanenetsa kuti wojomba atuluke m'nyumba ya esiteti. Tsiku lina mayiwo anawakokera kwa wogula miyala ku Limbe. Bamboyo anakatembenuza padzuwa uku ndi uku, kamwala kali duu.

"Achimwene, opalo wamtengo amavina mitundu ngati utawaleza. Uyu ndi opalo ndithu, koma wamba. Sindigula."

"Chaphimba mitundu ndi chiperonichi," anatero aneba, thukuta lili kamukamu, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

M'mawa mwake akazi awo aja anawakoleka dengu kumsana n'kuwaperekeza mpaka m'munda wa tiyi, malayini onse akuonerera. Nyumba inapulumuka. Kamwala kaja pano kamagwira chitseko kuti mphepo isatseke, koma aneba akamatuluka amawerama n'kukanong'oneza, "Limba mtima, dzuwa lenileni likubwera."