Bafa Lopanda Denga ku Chawama

Ba Whyson Daka amasoka nsapato pafupi ndi pokwerera mabasi ku Chawama, ndipo ntchitoyi aigwira zaka makumi awiri. Anakulira ku Katete akutchera mbalame ndi ulimbo, ndipo amavomera okha kuti ana a njiwa amene anadya ali mnyamata angadzaze lole. Mkazi wawo Felistus atamwalira, kachipinda kawo kanakula, m'mawa n'kumatalika. Tsiku lina anapeza magalasi oonera patali pamulu wa salaula, katundu wakale wogulitsa pamsika, diso limodzi lili long'aluka, n'kuwagula.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankakhala pakampando pakhomo, nkhope kumwamba. Anthu amati m'komboni mulibe mbalame koma makwangwala a pamtaya. Ba Whyson akamva zimenezi amapsa mtima ngati mwawatukwanira m'bale. Amakuonetsani mnthengu wa mchira wamphanda uli pawaya wa magetsi, apumbwa akukangana m'mapapaya, ndi akakowa amene amatera m'zithaphwi mvula ikasefukira. Ukawapatsa khutu amakuphunzitsa kuti uyambe ndi msinkhu, ngati ikuposa njiwa kapena ikuchepera pumbwa, kenako mlomo, kenako mayendedwe. Mtundu wa nthenga amati uzibwera pomaliza chifukwa dzuwa limanamiza maso.

Koma nzeru zonsezi sizinawauze chinthu chimene mwana aliyense wa m'komboni amadziwa. Pabwalo pamene amachita lendi pali mabanja asanu ndi awiri, bafa ndi limodzi, la mabuloko, lopanda denga. Kuseri kwa bafalo kuli mtengo wa mabulosi, ndipo m'mtengomo ndi mmene kambalame kotchedwa kachoso kanasankha kumanga chisa. Masiku anayi otsatizana bambo wamasiye, mkulu wa mpingo, analoza magalasi kumene akazi a eni amasamba.

Tsiku lachisanu Thandi, mkazi wa woyendetsa basi wa chipinda chachitatu, anatuluka m'bafa ndowa ili m'manja, sopo akadali kukhutu.

"Ba Whyson, imwe bakulu bonse, muyangana chani kuno tikasamba?"

"Ni kanyoni, mayo," anayankha, akunena kambalame kaja.

Pabwalo panaphulika phwete loipa. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, ndipo mayi wina anabwera kudzatenga nsapato zake zisanasokedwe. Akazi a pabwalo anasiya kuwapatsa moni. Ba Judith, mwini nyumba, mayi wosadziwa kunong'ona, anawalanda magalasi n'kuwauza kuti mwezi ukatha asamuke.

Chipinda chikanapezeka china. Chimene chinawadya mtima ndi dzina, chifukwa dzina lotere limakwera nawe basi, kulikonse ukatsike. Anachita manyazi kwambiri, ndipo chowawa n'chakuti Thandi sanalakwe kufunsa.

Mwamwayi Ba Judith sakhulupirira za m'maluwa. Loweruka m'mawa anabwera ndi magalasi aja, nakhala pakampando ka Ba Whyson, akazi onse ataima kumbuyo.

"Nifuna nione neka vamene muona. Ngati ni bafa, lelo lomba muchoka."

Anayika magalasi kumaso n'kuyamba kupukusa mutu uku ndi uku. Anaona khoma, anaona masamba, chizungulire n'kuwagwira.

"Osati so, amai," anatero Ba Whyson. "Muyambe kukapeza na menso. Mukakaona, osachosapo menso, mukweze chabe magalasi."

Anadikira. Mbalame siidziwa kuti munthu ali pamlandu, ndiye kachoso kanachedwa mmene kanafunira. Ba Whyson anapemphera chamumtima pemphero limene sakanalinena kutchalitchi. Kenako kanatulukira, kakang'ono kuposa chala chachikulu ndi mchira womwe, mlomo wautali wopindika, kataluma kaulusi. Kamuna kake kanatera pafupi, mutu wobiriwira ukung'anima.

Ba Judith anakhala chete, chinthu chimene pabwalopo chinali chisanachitikepo. Anayang'ana nthawi yaitali chisa cholendewera ngati kathumba, cholukidwa ndi ulusi wa kangaude ndi tizinyalala.

"Iyi ni sisi ya wigi yanga," anatero potsiriza. "Yamene ninataya. Kakawalala aka."

Magalasi anayenda dzanja ndi dzanja. Aliyense anayesanso kuloza kubafa, n'kupeza kuti pakampandopo umangoona mabuloko. Ba Judith anagamula pomwepo kuti bafa lifoleredwe, ndipo wokhoma malata akhale Ba Whyson, popeza ndiwo anayambitsa. Anakhoma tsiku lomwelo akuimba nyimbo ya kwaya, mtima uli mbee.

Mpaka lero akamakamba nkhaniyi sadzitama kuti anapambana mlandu. Amathokoza mayi uja amene akanatha kungowathamangitsa, koma anasankha kukhala pansi n'kuyang'ana yekha. Amati anthu otero ndi ochepa.

Thandi yekha ndiye sanagwire magalasi tsiku lija, ndipo Ba Whyson anagona masiku awiri mtima uli m'mwamba, chifukwa mawu amene anawagwetsa anali ake. Lolemba m'mawa, pampopi patadzaza akazi, Thandi anatula ndowa, nayenda mpaka pakhomo pawo, n'kupinda bondo.

"Mwauka bwanji, atate?"

Ba Whyson anangowomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsika.