Uthenga Umene Ndinaufumbata

Ndikukumbukira ndili Sitandade 7 ku Liwaladzi, chaka chimene nsanje inandidya chifukwa cha msuweni wanga Yusufu, mwana wa malume a Saidi.

Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti uthenga wochokera kuphazi umafika kuubongo podutsa m'timaselo ta mitsempha. Timaseloto sitigundana. Pakati pake pamakhala kampata, ndipo kalikonse kamathira timadzi tonyamula uthenga kwa kanzake. Kuti timvetse, ankatiimika pamzere motalikirana pang'ono. Woyamba anali phazi. Akamugunda ndi kaminga, ankagwetsera kambewu ka mpunga m'dzanja la wotsatira, n'kumapatsirana mpaka kwa womaliza, ubongo, amene ankafuula kuti, "Chotsa phazi!"

Ubongo nthawi zonse anali Yusufu. Ine ndinkaima pakati, pomwe palibe ankayang'anapo.

Tsiku lina kunabwera mlendo wochokera kuboma kudzasankha mwana mmodzi wopita kumpikisano wa sayansi. Kambewu katafika kwa ine, ndinafumbata dzanja, n'kugwedeza mkono ngati ndapereka. Mtsikana wotsatira anayesa wataya yekha, ndipo anangozyolika. Yusufu anadikira, dzanja lili chitambasulire.

"Ubongo wagona!" wina anakuwa, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Mlendo anasankha mwana wina. Mumtima ndinamva kukoma.

Masana ndinapeza malume akuwamba nsomba. Mapazi awo anasiya kumva kalekale chifukwa cha khate. Ndinamva fungo lachilendo, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona chidendene chawo chili pakhala lamoto, iwo akungotembenuza nsomba.

"Malume, phazi!"

Analinyamula, nayang'ana chilonda mosadabwa. "Yusufu amati limakuwa ndithu, mphwanga, koma panjira pali wina amene sapereka uthenga." Anaseka pang'ono. "Nanga mnzako amusankha?"

Mpunga uja unali udakali m'thumba la kabudula wanga.

Ndinaulula kwa Yusufu patapita zaka zambiri, atabwera kudzandipepesa maliro a mkazi wanga. Anati anaiwala, ndipo mwina ankanena zoona. Koma ine popemphera ndimakumbukirabe. Ndinkayesa kuti Mulungu anandimana pondiika pakati, osadziwa kuti zabwino za anthu ena amazidutsitsa m'manja mwathu. Masiku ano wina akandituma mawu, ngakhale oyamikira munthu amene sindimukonda, ndimakafikitsa tsiku lomwelo.