Mpala wa Mwiza

Ku Masiphumelele palibe amene sadziwa kontena yobiriwira ya a Ndaziona, momwe akazi amalowa mutu uli nyankhalala n'kutuluka akuyenda monyang'wa. Mayiwa anabwera ku Cape Town kuchokera ku Ntcheu mu 2010, ali ndi chikwama chimodzi, chipeso, ndi manja odziwa kuluka. Manjawo analuka mitu ya Axhosa, Azimbabwe ndi Akongo, koma panali mutu umodzi womwe sanaulukepo, wa mwana wawo Mwiza.

Nkhani yake inali yosavuta. Kwawo mwana wa sukulu amameta mpala, ndipo a Ndaziona ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtsikana woluka amaganiza za galasi m'malo mwa masamu. Iwowo anametedwa mpaka Sitandade 8 ndipo sanafe nazo. Choncho Loweruka likafika, Mwiza ankakhala pa kreti, makina n'kudutsa.

Mwiza atapeza malo pa pulayimale ina kudera la azungu la Fish Hoek, mayiwa anasankhidwa kulowa m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi popanda wopikisana naye, poti chithunzi cha komitiyo chinkasowa nkhope yakuda. Komiti yomwe ankaidziwa ndi ya kwawo, youmba njerwa ndi kupirikitsa ana ojomba, ndiye tsiku loyamba anapita atamanga chitenje molimba. Anakapeza tiyi, makeke ndi Chingerezi chothamanga. Anaphunzira msanga kuti ukamagwedeza mutu amakuyesa wanzeru.

Tsiku lina a Emily, wapampando wa komitiyo, mzungu wa tsitsi lofika m'chiuno, anaimirira misozi ili chuchuchu. Anati pali mwana wina amene akuoneka kuti akudwala matenda aakulu: tsitsi lonse linathothoka, amavala chipewa cha ulusi ngakhale padzuwa la Febuluwale, sadya pa buleki, amangokhala yekha kuseri kwa kalasi. Dzina sanalitchule, ati polemekeza banja. Komiti ilipo kuti iziyankhulira ana, anatero, ndipo maso onse anatembenukira kwa a Ndaziona.

Iwo anayesa akufunsidwa maganizo. Zinawakhudzadi, moti kwa nthawi yoyamba anaimirira n'kuthyola Chingerezi chawo.

“Mayi ake ali kuti? Ndi mayi wamtundu wanji amene saona kuti mwana wake akuvutika?”

Azimayi aja analira kwambiri, n'kuwakumbatira mosinthana, akuti sanaonepo munthu wolimba mtima chotero. Madzulo a Ndaziona anauza makasitomala awo kuti azungu amalira ndi chilichonse.

Komiti inagwira ntchito, tisainamizire. Inakaonana ndi ahedi kuti mwanayo asamathamange pa masewera, inakhala misonkhano, inamwa tiyi wambiri. Chomwe sinachite n'kufunsa mwanayo kapena mayi ake, chifukwa kufunsa kukanakhala kupanda ulemu. Pomaliza anagwirizana kuti makolo amete mpala pamaso pa sukulu yonse kuti wodwalayo asadzione ngati ali yekha. Wometa anali naye kale m'komiti momwemo.

Lachisanu lake holo inadzaza. A Ndaziona anameta azimayi anayi, ndi bambo wina wadazi amene anangobwera kudzaomberedwa m'manja. Tsitsi la a Emily likugwa, mtima unawapweteka, ndiye analisesera mwakachetechete m'jumbo, poti tsitsi lotere silitayidwa. Kenako a Emily, mutu uli mbee, anatenga maikolofoni n'kuitana mwana wolimba mtima uja kuti abwere kutsogolo.

Anabwera Mwiza, atavala chipewa cha ulusi chomwe mayi ake anali asanachionepo. Ankachivalira mu takisi n'kuchibisa m'chikwama pobwerera.

Makina anali akulirabe m'manja. A Ndaziona anawazimitsa, n'kufotokoza m'zilankhulo zitatu zosakaniza kuti mwanayu sakudwala, amam'meta ndi iwo, ndi makina omwewa. A Emily anadzigwira pamutu pang'onopang'ono, ndipo wina kumbuyo anapereka ganizo loti pakhale kakomiti kofufuza nkhaniyi.

Mayiwa akanatha kuseka mpaka kugwa, koma funso lawo lomwe lija linawabwerera, ndipo manyazi anawagwira. Anagwada pafupi ndi mwanayo n'kumufunsa m'Chichewa chifukwa chomwe sadyera pa buleki. Mwiza anayankha akuyang'ana nsapato zake.

“Amandinena kuti ndine mnyamata, amayi. Ndipo amene amandisekawo munawaluka ndinu. Ine ndimangosesa tsitsi lawo.”

A Ndaziona anakulunga chingwe cha makina, n'kugwira mwanayo padzanja, n'kutuluka tiyi asanabwere.

Komiti inapitiriza kuyankhulira ana itavala mipango. A Emily anafika pa kontena kudzafunsa za wigi, ndipo yomwe anasankha inawakhala bwino modabwitsa, poti tsitsilo linali lawo lomwe.

La Mwiza linachedwa kukula. Litangofika poti n'kugwirika ndi nsonga za zala, a Ndaziona anabweza makasitomala onse a Loweruka, n'kumukhazika mwanayo pa mpando wa anthu olipira. Tsitsi lalifupi limawawa poluka, ndipo posakhalitsa anaona pagalasi misozi ikutsika. Anaimitsa manja n'kufunsa ngati asiye kaye.

“Ayi amayi, pitirizani.”