Chipinda cha a Silungwe Chili ndi Khomo Lakelake

Nkhani iyi ndikuilemba lero chifukwa ndikudziwa mmene anthu amachitira. Mwezi ukamatha adzakhala akunena kuti anaikonza ndi abusa, ena adzati ndi mwamuna wa pakhomopo. Ine ndinalipo Loweruka lapitali, ndipo ndikufuna kuti ulemu upite kwa mwini wake.

Chichokereni kwathu ku Ntcheu ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kuno ku Chitipa. Pali mawu atatu amene ndimawaphunzitsa mosakondwa: "separate", "independent" ndi "self-contained". Ophunzira amawaloweza msanga, ndipo akakula amathawira nawo abale. Mumawamva akunyadira kuti apeza nyumba ya selefu, ya chimbudzi ndi bafa mkati. Tawafunsani kuti amayi awo akabwera adzagona pati, muone mmene ayang'anire kumbali.

Koma zimene ndinaona Loweruka zandisangalatsa mpaka ndikulephera kukhazikika.

Mnansi wanga Namwaka ndi namwino. Apongozi ake, a Silungwe, ndi mlimi wa khofi ku Misuku. Akudwala shuga, ndipo adokotala anawauza kuti azikhala pafupi ndi chipatala. Mvula ikayamba, msewu wa kumeneko mukuudziwa. Komabe mkuluyo anakana kutsikira ku Boma. Pa mwambo wa banja lawo, bambo ndi mkazi wa mwana wake, amene kuno amati mkamwana, sayang'anizana, salankhulana mwachindunji, ndipo sagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Nyumba ya Namwaka ndi mwamuna wake Lusekelo inali ndi chimbudzi chimodzi chokha, chamkati.

Ena akanati mwambowo ndi wachikale. Namwaka sanatero. Anaitana amisiri namangitsa chipinda chophatikiza kunyumba yawo, chokhala ndi khomo lakelake loyang'ana kunja, chimbudzi chake ndi bafa lake.

A Silungwe anafika pa galimoto yonyamula nthochi. Anauza dalaivala kuti asachoke, ndipo chikwama chawo chinatsala kumbuyo. Namwaka analowa kukhitchini, ine ndinaima pakhomo kuti ndizinyamula mawu.

"Monire, adada," ndinatero.

"Yewo, asambizgi," anayankha, kunditchula kuti mphunzitsi m'chilankhulo cha kuno. "Akuitanani kuti mudzandinyengerere m'Chingerezi?"

Analowa ndi ndodo yawo. Anatsegula mpope, anatseka. Anagogoda khoma. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, zimene zimalowa umu zimapita kuti?"

"M'mapaipi, adada."

"Ndikuona kuti ndi mapaipi, sindine wakhungu. Nanga pansipo amakumana ndi a m'nyumba mwanu?"

Lusekelo, munthu wa tayi, wa mu ofesi, anangoti kukamwa yasa! Sankadziwa. Mkuluyo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kugalimoto.

Pamenepo ndinamva kunong'ona kuchokera kukhitchini. "Amayi, auzeni kuti dzenje lawo ndi lapadera. Lili kuseri kwa nthochi. Ndinawaletsa amisiri kulumikiza."

Ine wa zaka makumi asanu ndi kuwonjezera, amene ndimalanga mwana wothamanga pakhonde la sukulu, ndinathamanga!

A Silungwe anamva, anazungulira nyumba, anapeza simenti yatsopano kuseri kwa nthochi. Anaigogoda ndi ndodo. Anayang'ana dzenje linalo, patali ndithu. Kenaka anafuula kwa dalaivala kuti, "Tsitsa chikwama icho, uzipita, nthochi zako zingapse!"

Kwa ine anati, "Asambizgi, kamuuzeni mkamwana wanga kuti mwana wangayu ndinamuphunzitsa sukulu, koma nzeru anakazikwatira."

Kukhitchini kunamveka kuseka kotsekereza ndi chitenje.

Tsono ndikufunsa inu amene mukumanga nyumba ku Boma kuno, aphunzitsi anzanga ndi a m'maofesi. Zipinda za selefu zimene mukumangazo n'za yani? N'za alendo olipira okha? Namwaka anagawa khomo, chimbudzi ndi dzenje lomwe, ndipo potero walowetsa apongozi ake pansi pa denga limodzi ndi iye. Tsopano akamapita kuntchito amatha kumva, khoma lili pakati, ngati mkuluyo wadzuka bwino. Kodi khomo lapadera limene mwaika panyumba panu ndi lolowetsa m'bale kapena lomutsekera kunja?

Amene analipo ndi awa: a Silungwe, eni chipinda, Lusekelo, amene tsopano akudziwa kumene mapaipi a panyumba pake amapita, dalaivala wa nthochi, amene anapitirira ku msika mkuluyo atatsala, ine, wonyamula mawu, ndi Namwaka, amene apongozi ake sanamuone nkhope tsiku lonselo, koma tiyi wopanda shuga amene anawatumizira anamwa yense.