Funso la a Nereida patebulo la domino

A Nereida anayamba kuwaona bwino a Polín tsiku limene anapititsa nsapato za malemu amuna awo, a Fulgencio, kushopu yawo kuti zikonzedwe. Anawapeza ali m'tulo kuseri kwa makina osokera, dzuwa lili paliwombo, zala zikugogoda pathabwa ngati munthu woponya domino. Kale ankangowadziwa monga mnzawo wa a Fulgencio pamasewero a pakhonde la golosale, pomwe awiriwo ankakhala moyang'anizana, gulu limodzi.

Atadzidzimuka, a Polín anapukuta dovu. "Mwandiwonongera, mayi. Tikanawakwapula."

"Inu ndi ndani?"

"Ndi a Fulgencio."

Ku Baní aliyense ankadziwa kuti a Polín akagona masana amazindikira kuti akulota. Anzawo ankawaseka. "Ukhoza kuuluka, kukafika ku Nueva York wopanda chitupa, iwe n'kumakakhalira domino ndi akufa! Uchitsiru wanji umenewu?" Iwo ankangopitiriza kukhoma chidendene.

A Nereida sanaseke. Mwana wawo Yudelka ankawaumiriza kuti atseke nyumba akakhale naye ku Santiago, koma akaganiza zosiya manda ndi mtengo wa mapeyala umene amuna awo anabzala, ankazengereza. Chimwalirireni a Fulgencio, iwo sanawalotepo. Anadutsa pakhomo pa shopuyo kangapo osalowa. Kenako anabwera ndi khofi ndi nthochi zokazinga, nayankhula akuyang'ana pansi.

"Mukakumana nawo mukandifunsireko. Ndipite kapena ndikhale?"

"Zochepa zimenezo. Mawa lomwe."

Mawa lake a Polín anakanda m'mutu. "Tinali pakati pa masewero. Lamulo mukulidziwa, mayi, suyankhula ndi mnzako wa gulu limodzi mpaka athe. Amati mukupatsana zizindikiro."

"Kumalotonso?"

"Lamulo ndi lamulo."

"Nanga atatha?"

"Galu wa aneba, a Chepe, anauwa, ndinadzuka."

Tsiku lina inawadzutsa njinga yamoto, lina munthu wofuna lamba. A Nereida, amene ngakhale kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, anayamba kukhala pakhomo pa shopu masana onse, kupirikitsa galu uja ndi kubweza obwera ndi nsapato. Azimayi a pamsika anayamba kunong'onezana. Yankho osabwera.

Tsiku lina mtima unawathera. "Bambo Polín, inu mumadziwa kuti mukulota! Bwanji osangogubuduza tebulolo? Akumangani ndani?"

"Ndimaganiza zimenezo," anatero a Polín, maso ali pa ulusi. "Ndimawayang'ana, n'kutsegula pakamwa. Kenako ndimangoponya domino."

"Khofi wanga yense uja!"

Anatuluka, ndipo sanabwerenso. Yudelka atawaimbira foni madzulo ake, anangoti, "Bwera udzanditenge."

Loweruka galimoto itadzaza katundu, anakumbukira nsapato zija. Inali nthawi yogona masana ija, koma anawapeza a Polín ali maso, atakhala tsonga pampando, nsapato zili pamiyendo, zopukutidwa mpaka kunyezimira.

"Lero simunagone?"

"Ayi."

"Ndiye kuti simunafunse."

Panja Yudelka analiza hutala. A Polín anakulunga nsapatozo m'nyuzipepala pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti zisweka.

"Mayi Nereida, kumaloto kuja woyendetsa zinthu ndine. Nditafuna domino inayake, ikhoza kubwera m'manja mwanga. A Fulgencio ndikanawafunsa, akanati khalani, poti n'zimene ine ndikufuna, inu n'kukhulupirira kuti anena ndi iwo." Anawapatsa phukusi lija osawayang'ana kumaso. "Patebulo lija sindinaberepo. Kwerani, mwana akudikira."